Osula Aphunzitsi: Mbiri ya Kalembedwe ndi Kasungidwe ka Antchito m'Makoleji a Mpingo

Pamene mpingo ukumbukira zaka zake, chizoloŵezi chathu ndi kuŵerenga nyumba zimene zidamangidwa, masukulu amene adatsekulidwa, ndi chiŵerengero cha ana amene adadutsa m'menemo. Zimenezi nzoyeneradi kuzikumbukira. Komabe pali mbali ina ya mbiri imene silembedwa kaŵirikaŵiri, ndiyo ya anthu amene ankasula aphunzitsiwo: kumene ankachokera, m'mene ankalembedwera ntchito, ndiponso chimene chinkachititsa ena kukalambira pa mishoni pomwe anzawo ankamanga katundu nkumapita. Koleji yosulira aphunzitsi imaima kapena kugwa chifukwa cha anthu oŵerengeka okha, mwina asanu, mwina khumi, amene amaima patsogolo pa ophunzira tsiku ndi tsiku. Mmodzi mwa iwo akachoka, sapezeka wina woloŵa m'malo mwake m'mwezi umodzi, pakuti munthu wotere amakhwima ndi zaka. M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri imeneyi monga idayendera m'mishoni zitatu zimene zidabala mpingo wa CCAP, ndiye Livingstonia, Blantyre ndi Nkhoma.

Chiyambi cha ntchito

Amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, a Blantyre adakhazikika m'chaka cha 1876, ndipo abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adamanga msasa wawo ku Mvera m'chaka cha 1889. Onseŵa adazindikira msanga kuti azungu okha sakadatha kufika m'midzi yonse. Nchifukwa chake mu 1876 kudabwera anyamata anayi a mtundu wa Axhosa ochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa kudzathandiza ntchito. Mmodzi mwa iwo, Shadrach Mngunana, ndiye adaphunzitsa ana ku Cape Maclear, koma adamwalira m'chaka chotsatira. William Koyi adapirira mpaka imfa yake ku Njuyu mu 1886. Choncho kuyambira pachiyambi penipeni, ntchito ya sukulu idatsamira pa Aafrika ophunzira, ndipo kuyambira pomwepo vuto la kuŵasunga lidaoneka, poyamba chifukwa cha matenda ndi kutalika kwa kwawo.

Masukulu a m'midzi atachuluka, padafunika malo osulira aphunzitsi mwadongosolo. Dr Robert Laws adatsekula sukulu yaikulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894. A Blantyre adatsekula Henry Henderson Institute mu 1909. A Dutch nawo adayamba sukulu yawo ya aphunzitsi ku Mvera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo idasamukira ku Nkhoma pamodzi ndi likulu la mishoni cha m'ma 1913. Sukulu imeneyi ndiyo pambuyo pake idatchedwa dzina la mbusa William H. Murray, amene adatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika. Masukulu onseŵa sadali a Boma. Mishoni ndiyo inkalemba antchito, kuŵalipira, kuŵapatsa nyumba, kuŵasamutsa ndi kuŵachotsa. Ulamuliro wotere udali ndi ubwino wake, popeza mishoni inkadziŵa munthu aliyense ndi banja lake. Koma cholakwa chikachitika, wolakwiridwayo adalibe kwina kokadandaula.

Malipiro ndi ulendo wa kummwera

Chinthu choyamba chimene chidakokera aphunzitsi kutali ndi malipiro. Mphunzitsi wa m'mudzi ankalandira masheleni oŵerengeka pa mwezi, ndipo m'madera ambiri sukulu sinkatsekulidwa chaka chonse, kotero kuti miyezi ina ankadalira khasu monga wina aliyense. Msonkho wa nyumba unkamudikira iyenso. Thandizo la Boma lidali lochepa kwambiri: pamene lidayamba mu 1907, ndalama zake zidali £1,000 zokha, zogaŵana mishoni zonse za m'dziko muno. Tsono mnyamata wodziŵa kuŵerenga, kulemba ndi kuŵerengera, makamaka wodziŵa Chingerezi, ankafunidwa m'masitolo, m'maofesi a Boma, m'migodi ya ku Rhodesia, ku Katanga ndi ku Johannesburg, kumene ukalaliki unkalipidwa kuposa uphunzitsi kutalitali.

Chitsanzo chodziŵika ndi cha Clements Kadalie, mnyamata wa kufupi ndi Bandawe. Iye adatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Overtoun ali wamng'ono ndithu, adaphunzitsa kanthaŵi kochepa, ndipo mu 1915 adanyamuka ulendo wa kummwera. Mu 1919 adayambitsa ku Cape Town bungwe la apantchito lotchedwa ICU, limene lidakula nkugwedeza South Africa yense. Nzeru zolankhula ndi zolongosola anthu zimene adazionetsa kumeneko zidasulidwa ku Khondowe, koma ana a m'midzi ya kunyanja sadadye nawo zipatso zake. Otere adalipo ambiri, ndipo ena adasanduka matchona osabwereranso. Anthu a chigawo chapakati opita ku Rhodesia adachuluka kotero kuti mu 1912 mbusa Vlok adatumizidwa ku Salisbury kukaŵasamalira, ndipo ntchito imeneyo ndiyo idakula nkukhala Sinodi ya Harare mu 1965. Mpingo wa kumeneko udapindula ndi akulu ampingo odziŵa kuŵerenga ndi kuphunzitsa, pamene masukulu a kumudzi ankayambanso kusula ena atsopano chaka ndi chaka.

Kuchedwa kukhulupirira Mwafrika

Tikadati malipiro okha ndiwo adachotsa anthu, tikadalakwira mbiri. Ena mwa amene adachoka adali atapirira umphaŵi zaka zambiri osadandaula. Chimene chidaŵalasa mtima ndi kudikira udindo umene sunkabwera. Charles Domingo adafika ku Livingstonia ali mwana kuchokera ku Quelimane, adakulira pakhomo pa Dr Laws, ndipo adakhala mmodzi mwa Aafrika oyamba kuphunzitsa pa Overtoun. Adatsiriza maphunziro a ubusa nkupatsidwa chilolezo cholalikira mu 1903. Zaka zidapita iye ali pa mayeso, osadzozedwa, akugwira ntchito pansi pa amishoni amene ena mwa iwo adafika m'dziko muno iye ataphunzitsa kale. Mu 1908 adachoka, ndipo pambuyo pake adatsogolera mipingo ndi masukulu ake m'dera la Mzimba mogwirizana ndi a Seventh Day Baptist. Abusa oyamba a Livingstonia, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914, nawonso atadikira nthaŵi yaitali. Mwasi adadzapatuka mu 1933, ndipo Charles Chinula, amene adali mphunzitsi wodziŵika asanakhale mbusa, adayamba mpingo ndi sukulu yake ku Sazu m'zaka zomwezo.

Amishoni adali ndi zifukwa zawo. Ankaopa kuti mpingo wanthete ungagwe ngati udindo uperekedwa msanga kwa munthu amene mwina angadzapunthwe. Koma muyeso umene ankayesera Mwafrika sudali wofanana ndi umene ankayesera mzungu wobwera chatsopano, ndipo anthu ophunzira adaliona tsankho limeneli. Ku Blantyre, mbusa David Clement Scott adayenda njira ina m'zaka za m'ma 1890, posankha madikoni a Chiafrika ndi kuŵapatsa ntchito zenizeni zoyang'anira. Azungu ambiri a m'minda, ngakhale ena a m'mishoni momwemo, sadakondwere nazo. Komabe mwa anthu amene iye adaŵakhulupirira mudatuluka Harry Kambwiri Matecheta, amene adatumikira pakati pa Angoni a ku Ntcheu, nadzozedwa mu 1911, ndipo adakhalabe mu mpingo moyo wake wonse. Ku South Africa nakonso, sukulu ya Adams College idaika Z.K. Matthews kukhala mkulu wa chigawo cha sekondale mu 1925, ndipo Albert Luthuli adaphunzitsa m'chigawo chosulira aphunzitsi zaka zoposa khumi. Kumene munthu ankaona khomo lotsekuka patsogolo pake, ankapirira ngakhale malipiro ali ochepa.

Njira ya Nkhoma

Mishoni ya Dutch idatsata njira yosiyana ndi ya Livingstonia. Cholinga chake chidali mphunzitsi wokhala pakati pa anthu ake, wophunzitsa m'chinenero chawo, wolima munda wake, wodziŵa ntchito zamanja, amene pa Sabata ndiye mlaliki wa m'mudzimo. Chingerezi sichidapatsidwe malo aakulu. Aphunzitsi ankasulidwa pang'onopang'ono: ankaphunzira kanthaŵi pa mishoni, nkupita kukaphunzitsa, nkubweranso kudzaonjezera. Mwa njira imeneyi masukulu a m'midzi adachuluka kwambiri m'chigawo chapakati, ndipo aphunzitsi ake sankakopeka msanga ndi ukalaliki wa m'matauni, popeza analibe chida chachikulu chimene olemba ntchito ankafuna.

Apa mpofunika kunena zoona zonse. Kusunga munthu pomumana chimene chingamutsekulire njira zina nkosiyana ndi kumusunga pomukhutiritsa. Anyamata ofuna Chingerezi ankapita ku masukulu a mishoni zina, ndipo pamene nthaŵi idafika yoti Amalaŵi atenge maudindo, chigawo chapakati chidapezeka ndi anthu ochepa a maphunziro apamwamba poyerekeza ndi kumpoto. Abusa oyamba a Nkhoma, Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza, adadzozedwa mu 1925, patapita zaka 36 chiyambire ntchito ku Mvera. Ngakhale zidali choncho, njira ya Nkhoma idabala chipatso chimodzi chimene sitiyenera kuchiiŵala. Popeza Chicheŵa chidalemekezedwa ndipo makina osindikizira adali pomwepo, mphunzitsi waluso adali ndi pogwiritsa ntchito mphatso yake. Samuel Yosiya Nthara, mphunzitsi wa mishoni imeneyi, adapambana mpikisano wa olemba a mu Afrika mu 1933 ndi buku lake la Nthondo, limene mbusa T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Pambuyo pake adalembanso mbiri ya Acheŵa. Munthu wa nzeru zotere akadatha kupeza ntchito kwina kulikonse. Koma pa mishoni adapeza anthu oŵerenga zolemba zake, ozisindikiza ndi ozitengera m'masukulu.

Nyumba, banja ndi mwambo wa mpingo

Mphunzitsi wa mishoni sankalembedwa yekha. Moyo wa banja lake lonse unkayang'aniridwa. Ntchito ndi umembala wa mpingo zidali zomangika pamodzi, kotero kuti munthu akaikidwa pa chilango chifukwa cha moŵa, mitala kapena mlandu wa chigololo, ankataya ntchito pamodzi ndi nyumba imene ankakhalamo. Mwambo umenewu udasunga ulemu wa uphunzitsi, ndipo makolo ankapereka ana awo mosakayika. Koma pamene mlandu udaweruzidwa mothamanga, kapena pamene wolemba ntchito yemweyo ndiye adali woweruza, mpingo udataya anthu amene akadatha kubwezedwa. Kusamutsa kudalinso koŵaŵa, makamaka pakati pa Acheŵa, kumene mwamuna amakhala ku chikamwini ndipo munda ndi wa kuchikazi. Mphunzitsi wosamutsidwa mbeu zili m'munda ankayenera kusankha pakati pa ntchito ndi nkhokwe.

Aphunzitsi aakazi adali oŵerengeka, ndipo ambiri ankasiya ntchito akangokwatiwa. Nzeru yabwino pa nkhani imeneyi idaoneka ku Domasi, kumene Boma lidatsekula sukulu ya Jeanes mu 1929, patapita zaka zitatu chikhazikitsire Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926. Kumeneko mphunzitsi ankapita pamodzi ndi mkazi wake ndi ana, ndipo maiyo ankaphunzira za ukhondo, za kulera ana ndi za kusamala pakhomo. Banja likamva kuti ntchitoyo ndi yawo onse, silinkafulumira kuisiya.

Amishoni nawonso sankakhazikika monga timaganizira. Malungo adatenga ambiri m'zaka zoyamba, ena ankapita ku tchuthi chachitali kwawo, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 antchito ambiri, azungu ndi Aafrika omwe, adachotsedwa m'masukulu kukathandiza kunkhondo. Kaŵirikaŵiri mzungu mmodzi ankasenza sukulu, mpingo ndi zomangamanga. Iye akachoka, amene ankasunga sukulu kuti isagwe adali aphunzitsi a Chiafrika aja, amene maina awo salembedwa pa miyala ya maziko.

Boma liloŵa m'bwalo

Kuyambira pamene nthumwi za Phelps-Stokes zidayendera dziko lino mu 1924, ndi lamulo la maphunziro la 1927, Boma lidayamba kuika miyeso ya masetifiketi ndi kupereka thandizo molingana ndi miyesoyo. Padakhala aphunzitsi a giredi ya chinenero cha makolo ndi a giredi ya Chingerezi, ndipo malipiro awo adasiyana. Sekondale yoyamba idatsekulidwa ku Blantyre mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndi ya Boma ku Dedza mu 1951. Kuchedwa kumeneku kudatanthauza kuti Aafrika oyenera kuphunzitsa pa koleji adali ochepa zedi, ndipo oŵerengeka amene adapeza madigiri ku Fort Hare kapena ku Makerere ankalimbiranidwa ndi aliyense.

M'chaka cha 1962 mishoni ya Dutch idapereka ntchito zake zonse m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma, ndipo mu 1964 dziko lidalandira ufulu wodzilamulira. Zinthu ziŵirizi zidafika pamodzi, ndipo zidaulula ngongole ya zaka zonse zija. Boma latsopano lidafuna anthu ophunzira m'maunduna, m'maboma, m'Nyumba ya Malamulo ndi m'maofesi a akazembe, ndipo lidaŵapeza pakati pa aphunzitsi. Koleji ya Soche Hill idatsekulidwa mu 1963 ndipo Yunivesite ya Malaŵi mu 1965, zonse zofunanso aphunzitsi. Masinodi adalandira makoleji pa nthaŵi imene anthu oyenera kuŵayendetsa ankaitanidwa kwina, ku ntchito za penshoni ndi makwerero odziŵika. Mipata idatsekedwa ndi anthu ongodzipereka ochokera kunja, monga a Peace Corps amene adayamba kufika mu 1963. Ameneŵa adathandiza kwambiri, koma ambiri ankakhala zaka ziŵiri zokha, ndipo pamene ankayamba kudziŵa chinenero ndi makhalidwe a ophunzira awo, nthaŵi yobwerera kwawo inkakhala itakwana.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Boma lidasankha kusonkhanitsa ntchito yosula aphunzitsi m'makoleji aakulu oŵerengeka, monga a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kenaka Kasungu ndi Karonga. Makoleji ang'onoang'ono a mipingo ambiri adatsekedwa kapena kusandulika masekondale, monga idachitira William Murray ku Nkhoma. Kusintha kumeneku sikudafanane ndi kwa ku South Africa, kumene lamulo la Bantu Education la 1953 lidalanda masukulu a mishoni mwankhanza ndipo Adams College idachoka m'manja mwa eni ake mu 1956. Kuno kwathu zidachitika mwamtendere. Komabe luso losula aphunzitsi, limene mipingo idalisonkhanitsa zaka zoposa 70, lidabalalika pamodzi ndi anthu amene adalisunga m'mitu mwawo.

Kutsekukanso kwa khomo

Mu 1994 Boma lidachotsa fizi m'masukulu a pulaimale. Ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo padalembedwa aphunzitsi atsopano pafupifupi 20,000, ambiri a iwo osasulidwa. Kusoŵa kumeneku kudatsekuliranso mipingo ndi mabungwe khomo. Yunivesite ya Livingstonia idayamba mu 2003 ku Khondowe komwe kuja, ndipo maphunziro ake oyamba adali a uphunzitsi. Makoleji ena oima paokha adatsekulidwa m'zigawo zonse zitatu.

Mavuto amene makoleji otere amakumana nawo ngofanana ndi akale, ngakhale avala malaya atsopano. Koleji yodalira fizi ndi thandizo la abwenzi akunja imaopa kulemba munthu ntchito yokhazikika, choncho imadalira makontirakiti a chaka chimodzi, aphunzitsi aganyu, ndi akuluakulu opuma pa ntchito ya Boma. Wachinyamata waluso amabwera, amaphunzira ntchito zaka ziŵiri kapena zitatu, ndipo akapeza digiri yachiŵiri amapita ku yunivesite, ku Boma kapena ku mabungwe a chitukuko. Popeza koleji yaing'ono ili ndi maudindo oŵerengeka, munthu akhoza kuphunzitsa zaka khumi osaona kusintha kulikonse pa dzina la ntchito yake. Ndipo pamene udindo waukulu uperekedwa poyang'ana kwawo kwa munthu, kapena ubale wake ndi atsogoleri, otsalawo amamva chimodzimodzi monga adamvera Domingo, ngakhale woŵadutsayo tsopano ndi mnzawo wakhungu limodzi.

Zimene mbiri itiphunzitsa

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mpingo umataya nthaŵi ndi ndalama zambiri kufunafuna antchito atsopano, pamene amene ali nawo kale akulemba makalata ofunsira ntchito kwina. Mbiri imene tailondolayi ionetsa kuti makoleji a mpingo sadapambanepo Boma kapena makampani pa malipiro, ndipo nkovuta kuti adzapambane. Pamene adasunga anthu, adaŵasunga ndi zinthu zina: udindo woperekedwa pa nthaŵi yake, mpata woonjezera maphunziro ndi kubwerera ku malo otsimikizika, nyumba yabwino ndi sukulu ya ana, kusamutsa kolinganizidwa ndi banja, ndiponso chiweruzo chimene wozengedwa angathe kuchidandaula kwa ena osati kwa amene adamuzenga. Zambiri mwa zimenezi sizifuna chuma chochuluka. Zifuna malamulo olembedwa bwino ndi atsogoleri oŵatsata.

Nchifukwa chake makomiti a maphunziro a masinodi athu achita bwino, pamene alandira malipoti a chaka, kufunsa mafunso ena kuonjezera pa chiŵerengero cha ophunzira amene akhoza mayeso. Afunse kuti mwa aphunzitsi amene adali pa koleji zaka zisanu zapitazo atsala angati, amene adachoka adapita kuti, ndipo adanena chiyani potsazika. Afunsenso kuti ndani akukonzedwa kudzaloŵa m'malo mwa mkulu wa koleji, ndipo ayamba liti kupatsidwa mbali ya ntchitoyo. Mayankho ake alembedwe m'mabuku a Sinodi pamodzi ndi maina a aphunzitsiwo, kuti odzalemba mbiri ya zaka zikudzazi adzapeze anthu amene ife tidaŵasunga, ndi zifukwa zimene adakhalira.